Chiwongolero chikayamba kunjenjemera m'misewu ya kunyanja

 Nkhani yathu lero ndi ya tigalimoto tating'ono tokoka ndi matayala onse anayi, makamaka ta mtundu wa Suzuki, ndipo yagona pa tizitsulo tinayi tokwana m'dzanja limodzi. Amakaniko amatitchula kuti maberingi a kingipini. Tizitsulo timeneti tikatha, dalaivala amagwira chiwongolero koma galimoto imamvera msewu.

Vutoli limayamba kuonekera pa phula. Galimoto yachoka pa boma la Mangochi, yalowa mu M10 kuloza ku Monkey Bay, ulendo wa makilomita oposa 60. Liwiro likafika cha pa makilomita 70 kapena 80 pa ola, tayala lakutsogolo limagunda kadzenje, ndipo pomwepo chiwongolero chimayamba kugwedezeka mwamphamvu, uku ndi uku, mpaka manja kuchita dzanzi. Kugwedezekako sikusiya kokha. Kumasiya dalaivala akachepetsa liwiro ndithu. Amene anayendapo mumsewu umenewu akudziwa kuchepa kwake: njinga za kabaza zili m'mbali, ana akuchokera kusukulu, anyamata akukweza chambo m'mwamba kuitanira ogula, mbuzi nazo zikuoloka. Malo oti galimoto izisewera palibe.

Galimoto zimene tikunenazi zinachokera kutali. Kampani ya Suzuki inatulutsa Jimny yoyamba ku Japan mu 1970. Mu 1981 kunabwera SJ410, kenako SJ413 ndi Samurai, ndipo mu 1998 kunatuluka Jimny imene inapangidwa mpaka mu 2018. Zambiri zimene zimaoneka m'misewu yathu zinabwera zitagwirapo kale ntchito kunja, zina kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. N'zopepuka, zolemera pafupifupi tani imodzi, ndipo sizimwa mafuta kwambiri. Pa mchenga pamene galimoto yaikulu imatitimira, izi zimadutsa. N'chifukwa chake munthu wokhala kunyanja akaipeza safuna kuitaya.

Chimene chimasiyanitsa galimotozi ndi zinzake zing'onozing'ono ndi ekiselo yakutsogolo. Pa RAV4, Terios kapena Pajero Mini tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha, ndipo nkhani ya lero sikuzikhudza. Pa Jimny ndi Samurai pali chitsulo chimodzi chopingasa kuchokera ku tayala lamanzere kufika ku lamanja, monga zilili pa Land Cruiser zija zimene zipatala zathu zambiri zimagwiritsa ntchito ngati maambulansi. Kunsonga iliyonse ya ekiseloyo kuli chitsulo chobulungira, ndipo pamwamba pake pavekedwa chibade chachitsulo chotchedwa knuckle, chimene chimanyamula tayala. Chibadecho chimatembenuka pa timapini tiwiri, kamodzi pamwamba, kena pansi. Timeneti ndiye makingipini, ndipo kalikonse kamakhala mu beringi yakeyake. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mahinji a chitseko: akakhala olimba chitseko chimatseguka mwaulemu, akakhwepa chimayamba kulendewera. Mbali iliyonse ili ndi maberingi awiri, galimoto yonse anayi.

Maberingiwa ndi a mtundu wokhala ndi timarola tosongokera mbali imodzi, umene Henry Timken wa ku America analembetsa mu 1898. Mtundu umenewu umapirira katundu wochokera pamwamba ndi wochokera m'mbali nthawi imodzi. Koma pa kingipini beringiyo imagwira ntchito yachilendo. Beringi ya tayala imazungulira tsiku lonse, ndipo kuzungulirako kumafalitsa girizi paliponse. Ya kingipini sizungulira n'komwe. Imangopendekera pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, ndipo nthawi yaitali imakhala malo amodzi galimoto ikuyenda molunjika. Bampu iliyonse imakhomerera timarola tija pa malo omwewo a mphete yachitsulo imene timakhalamo, mpaka timakumba timizere. Munthu akachotsa mphete yakutha n'kuyendetsamo chala, timizereto amatimva bwinobwino, kamodzikamodzi kuzungulira mphete yonse.

Tsopano onjezanipo madzi. Boma la Mangochi lili ndi nyanja ziwiri, ya Malawi ndi ya Malombe, mtsinje wa Shire pakati, ndi timitsinje tambiri totsika m'mapiri. Msewu wa ku Makanjira, umene umapatuka munthu akaoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kudutsa ku Malindi ndi Lungwena, wakhala ukudandaulitsa anthu kwa zaka zambiri chifukwa cha milatho yokokoloka ndi matope a nthawi ya dzinja. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anawononga misewu ndi milatho yambiri m'chigawo chakummwera. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe. Galimoto imene yakhala ikugwira ntchito kuno m'zaka zimenezi yaoloka madzi kosawerengeka.

Kumbuyo kwa chibade chija kuli seal, mphira wozungulira amene amapukuta chitsulo chobulungira nthawi iliyonse tayala likakhota. Ntchito yake ndi kutsekereza madzi ndi mchenga kuti zisalowe. Mchenga wa kunyanja umadya mphirayo pang'onopang'ono, dzimbiri nalo limakumba chitsulo chobulungira chija, ndipo njira imatseguka. Ekiselo ikatentha paulendo n'kulowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wam'kati umanyala, ndipo madzi amakokedwera m'kati kudzera pa mpata uliwonse umene ulipo. Madzi akalowa amatsikira pansi, pamene pali beringi yam'munsi. N'chifukwa chake kawirikawiri imeneyi ndiyo imayamba kufa. Amakaniko akatsegula amapeza girizi itasanduka matope ofiirira, timarola titadyeka, mwina tikugwa tokha m'manja.

Palinso seal ina m'kati mwa ekiselo, yotchinga oyilo wa difu kuti asafike ku chibade. Makingipini akakhwepa, shafuti yozunguza tayala imayamba kuyenda mopendama n'kuwononga seal imeneyo. Oyilo amadutsa, amasungunula girizi, n'kumatsikira kunja. Mwini galimoto akaona zinthu zakuda zonyowa kuseri kwa tayala lakutsogolo, fumbi litamatirira pamenepo, adziwe kuti m'kati zinthu zasokonekera kale.

Asanagule kanthu, munthu ayenera kutsimikiza kuti vuto lilidi pa kingipini, pakuti kunjenjemera kwa chiwongolero kuli ndi magwero angapo. Matayala osachita balansi, limu yopindika, matope ouma okanirira m'kati mwa limu, mabushi akutha ndi matayirodi okhwepa, zonsezi zimagwedeza galimoto. Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo kumafuna anthu awiri. Galimoto ikwezedwe kuti tayala lakutsogolo lichoke pansi. Mmodzi agwire tayalalo pamwamba ndi pansi, aligwedeze kulowetsa m'kati ndi kukokera kunja. Likamagogoda, mnzakeyo aponde buleki n'kugwiritsa. Kugogoda kukasiya, vuto ndi beringi ya tayala. Kukapitirira buleki ili chipondere, ndiye kuti ndi makingipini. Kugwedeza tayala kumanzere ndi kumanja kumaulula matayirodi.

Kodi ntchito imeneyi ingagwiridwe pakhomo? Ingagwiridwe ndithu, ndipo ambiri amaigwira. Chiyambire pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya wakwera kwambiri, ndipo munthu wa ku Makanjira kapena ku Namwera sangangonyamuka kupita ku Blantyre chifukwa cha beringi. Koma kugwirira pakhomo sikutanthauza kugwira mwachisawawa. Apa ndi pa chiwongolero ndi mabuleki, pamene pagona moyo wa okwera ndi wa oyenda pansi.

Choyamba ndi sipeya. Maberingi agulidwe onse anayi, chifukwa mbali imodzi ikatha inayo imakhala ili m'njira. Agulidwe limodzi ndi mphete zake, maseal akumbuyo kwa chibade, maseal a oyilo am'kati, girizi yosalola madzi ya maberingi, girizi yakuda ya mfundo ya shafuti yotchedwa CV joint, oyilo wa difu, ndi mankhwala omatira mabawuti kuti asamasuke. Nambala ya beringi imadindidwa m'mphepete mwake, choncho wopita kukagula ku Limbe, ku Blantyre kapena ku Lilongwe anyamule yakaleyo kapena aijambule. Mabanja ambiri a ku Mangochi ali ndi achibale ku Joni, ndipo sipeya ina imabwera pa basi kuchokera kumeneko. Wotuma mbale wake atumize nambala ya chesisi ndi chaka cha galimoto, osangoti "ya Suzuki". Makampani odziwika a maberingi monga Koyo, NSK, SKF ndi Timken alipo, koma pamsika pamapezekanso zachinyengo zovala makatoni awo. Beringi yotchipa modabwitsa, yolembedwa mosaoneka bwino, kapena yokhakhala poizunguza ndi chala, isiyidwe pa kauntala pomwepo.

Chachiwiri ndi malo. Mchenga ndiye mdani wamkulu wa ntchito imeneyi, ndipo kunyanja mchenga uli paliponse. Malo abwino ndi a simenti kapena dothi lolimba, osatsetsereka, otetezeka ku mphepo. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti mwera ukamaomba, fumbi limatera pa girizi munthu akuona, choncho ntchitoyi ichitikire kuseri kwa nyumba kapena m'shedi, pansi patayalidwa lona kapena makatoni oyera. Nthawi yabwino kwambiri ndi mvula ikangosiya, cha mu Epulo kapena Meyi, madzi amene analowa m'dzinja asanamalize kudya zitsulo.

Chachitatu ndi chogwiriziza galimoto. Jeke ndi wokwezera basi. Galimoto ikakwera, ikhazikidwe pa masitandi achitsulo kapena pa zipika zolimba za mtengo zokhala bwino pansi, matayala akumbuyo atatsekedwa ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimasweka mosachenjeza. Pa dothi lofewa pansi pa sitandi paikidwe thabwa lochindikala. Tayala lochotsedwa aligoneke pansi pa chesisi kuti likhale chitetezo chachiwiri.

Kumasula kumayamba ndi tayala. Kenako kalipa ya buleki imamasulidwa n'kumangiriridwa m'mwamba ndi waya, kuti isalendewere pa paipi yake ya mphira. Disiki imachoka, habu yokiyira matayala imachoka, ndipo kunsonga kwa shafuti kumakhala kamphete kotsekera kamene kamafuna pulayazi yake. Pa Jimny ya 1998 kupita mtsogolo pali timapaipi ta mpweya tokiyira mahabu, ndipo pa zina pali sensa ya ABS. Zimenezi zichotsedwe mwaulemu, ndipo timapaipito tiikidwe chizindikiro kuti tisasinthane. Mabawuti a sipindulo akamasulidwa, habu yonse imatuluka pamodzi, kenako shafuti imasololedwa ndi CV joint yake. Shafutiyo igonekedwe pa nsalu yoyera. Tayirodi imalekanitsidwa ndi chibade, timabawuti ta seal yakumbuyo timamasulidwa, ndipo pomaliza makingipini awiri aja amazulidwa. Aliyense amagwidwa ndi mabawuti anayi. Foni ili ndi ntchito pano: chithunzi chimodzi pa sitepe iliyonse chimapulumutsa maola ambiri pobwezeretsa.

Eni a Samurai ndi SJ asamale kwambiri pa malo awa. Pansi pa kingipini pamakhala timashimu, tizitsulo topyapyala kwambiri timene timayeza kuthina kwa beringi. Ta pamwamba tisasakanizike ndi ta pansi, ndipo kingipini aliyense abwerere kwawo.

Chibade chikachoka, maberingi akale amangonyamulidwa ndi zala, koma mphete zake zimatsala zitakanirira mu chitsulo chobulungira. Zimatulutsidwa ndi panchi ndi hamala, kumenya pang'onopang'ono mbali iyi, kenako mbali iyo, kuti mphete ituluke molunjika. Ena amachita ulesi pamenepa, n'kuika beringi yatsopano mu mphete yakale. Timarola tatsopano timagwera mu timizere takale tija, ndipo pakangotha miyezi yochepa chiwongolero chimayambiranso. Beringi ndi mphete yake zimasinthidwira limodzi.

Kenako pamabwera gawo lotopetsa koma lofunika kuposa onse, kutsuka. Girizi yakale yonse ichoke ndi parafini ndi burashi mpaka chitsulo chioneke. Chitsulo chobulungira chipalidwe dzimbiri ndi sandipepala yosalala, mpaka dzanja liziyenda popanda kukodwa. Chikasiyidwa chokhakhala chimang'amba seal yatsopano m'masabata ochepa, madzi amalowanso, ndipo ndalama ya maberingi imakhala yapita pachabe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya lero. Beringi simafa yokha. Imaphedwa ndi madzi ndi mchenga zimene seal yazilola kulowa. Wosintha maberingi n'kusiya maseal akale wachotsa chizindikiro cha matenda, matendawo akadali momwemo.

Seal ya oyilo yam'kati ichotsedwe n'kuikapo yatsopano, italunjika mbali imene yakale inalunjika. Mphete zatsopano zilowetsedwe mowongoka, pogwiritsa ntchito soketi yofanana nayo kukula kapena mphete yakale ngati pomenyera. Hamala isagunde mphete yatsopano mwachindunji. Ikafika pansi penipeni kulira kwa chitsulo kumasintha, kumamveka kolimba, ndipo wodziwa ntchito amamva ndi khutu kuti yakhala. Kudzaza girizi mu beringi kumachitika pa chikhatho: girizi pa dzanja lamanzere, beringi ku dzanja lamanja, kukanikiza m'mphepete mwake mobwerezabwereza mpaka girizi itatulukira mbali inayo pakati pa timarola tonse. Kungopaka pamwamba sikukwanira. Seal yatsopano yakumbuyo ivekedwe pa chitsulo chobulungira chibade chisanabwerere, motsata ndondomeko imene zidutswa zakale zinachokera.

Kumanga mabawuti a kingipini kuli ndi muyezo wake. Ndi mabawuti aang'ono, ndipo munthu wamphamvu akawakoka ndi paipi amawadula kapena kuwononga mazinga. Akawasiya okhwepa amamasuka panjira, kingipini n'kugwa, ndipo tayala limapinda galimoto ikuthamanga. Muyezo wake walembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo chida choyezera ndi torque wrench. Wopanda chidachi abwereke kapena aitane makaniko amene ali nacho kuti adzamange gawo limeneli lokha. Mankhwala omatira mabawuti apakidwe pa mazinga, ndipo pansi pa chipewa cha kingipini papakidwe silikoni pang'ono kuti madzi asalowere pamenepo.

Kuthina kwa maberingi kumayezedwa ndi chida chimene chili m'misika yathu yonse: sikelo ya ngowe, yonga imene mavenda amayezera nandolo ndi chimanga. Ngowe imakoledwa pa bowo la tayirodi pa mkono wa chibade, munthu n'kukoka pang'onopang'ono, akuwerenga makilogalamu pa nthawi imene chibade chayamba kusuntha. Buku la galimoto limanena nambala yoyenera. Pa Samurai nambalayo ikachepa kapena kuchuluka, amasintha timashimu tija. Chibade chiyenera kuyenda mosalala kuchokera mbali ina kufika mbali ina, molimbirako pang'ono, popanda kukodwa ndiponso popanda kugogoda.

Zotsala zimabwerera monga zinachokera. CV joint ilandire girizi yake yatsopano, ndipo shafuti ilowetsedwe mosamala kuti mano ake asang'ambe seal yatsopano yam'kati. Oyilo wa difu aonedwe. Akakhala wotuwa, ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi ndipo atayidwe, koma osati pansi kapena m'ngalande. Pano ngalande zambiri zimathera m'nyanja momwe anthu amamwa ndi kuwedza, ndipo chigawo cha Cape Maclear chili mu Lake Malawi National Park, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake. Oyilo wakutha ndi parafini wotsukira zisungidwe m'chigubu chotseka.

Galimoto isanasunthe, buleki ipondedwe kangapo mpaka italimba, chifukwa kalipa ikachotsedwa n'kubwezedwa, kuponda koyamba kumatha kupita pansi popanda kugwira. Ulendo woyesera ukhale waufupi, pa liwiro lochepa, pa msewu wopanda anthu ambiri. Pobwera mabawuti onse ayenderedwenso, kuphatikizapo manati a matayala, ndipo ayenderedwenso kachiwiri pakapita masiku angapo. Asanakwere mapiri a Chowe kupita ku Namwera ndi Chiponde, kapena kutsika zitunda za ku Cape Maclear, mwini galimoto akachititse balansi ya matayala ndi alayimenti. Ngati kunjenjemera kudakalipo, maso apite ku mabushi ndi matayirodi.

Si aliyense amene ayenera kuigwira yekha ntchitoyi. Amene sanamasulepo buleki, amene alibe masitandi, kapena amene wapeza mazinga a bawuti atadyeka kapena chibade chitang'aluka, apite kwa makaniko wodziwa. Ku Mangochi ndi ku Monkey Bay kuli amakaniko amene akhala akutsegula maekiselo a Land Cruiser kwa zaka zambiri, ena ophunzira m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, ena ophunzira pa garaja kuyambira ali anyamata, ndipo kapangidwe ka ekiselo ya Suzuki sikawadabwitsa. Ngakhale popita kwa iwo, mwini galimoto amene wamva nkhaniyi ali ndi mafunso oyenera kufunsa: mphete zasinthidwa kodi? Maseal onse ndi atsopano? Mabawuti amangidwa ndi muyezo? Apemphenso kuona zitsulo zakale zimene zachotsedwa.

Kwa dalaivala amene chiwongolero chingamuyambire kunjenjemera panjira lero lino, chochita ndi kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, kuchotsa phazi pa mafuta, kulola liwiro litsike popanda kuponda buleki mwadzidzidzi, ndi kuima pambali pamalo oonekera. Aone manati a matayala ndi mabawuti a makingipini asanapitirire, ndipo ulendo wotsalawo ayende pang'onopang'ono. Galimoto imene imaoloka madzi kawirikawiri ikwezedwe pa jeke kumapeto kwa dzinja lililonse, matayala akutsogolo agwedezedwe, kuseri kwake kuyang'anidwe ngati kukutuluka oyilo. Kuyeza kumeneku kumatenga mphindi zochepa ndipo sikufuna ndalama.